Wotseka Mzere pa Njira ya ku Mathithi

Ine ndine munthu wopemphera, ndipo nkhani za mizimu sindizikonda. Ndimakhulupirira kuti akufa akupumula m'manja mwa Mulungu. Koma zimene ndilembe panozi ndinazimva ndi makutu angawa. Mwana wanga woyamba anazimvanso, pamodzi ndi a Mlonda a panyumba ina ya alendo kuphiri. Onse awiri akadali moyo, mutha kuwafunsa.

Tili achinyamata, kwaya yathu inkapita kuphiri chaka ndi chaka, mvula ikangotha. Ndayendako malo ambiri, koma palibe amene anandilowa mumtima ngati amenewo. Basi inkatisiya m'munsi, ife n'kukwera wapansi mpaka panyumba ya alendo, yamatabwa, ya khonde lalitali loyang'ana kuchigwa. Mabulangete ake ankanunkhira utsi wa paini. M'mawa madzi a pampopi ankaluma mano. Kuchokera pakhondepo, kanjira kankalowa m'mitengo kupita kumathithi, n'kukathera pathanthwe loterera. Kutsogolo kwa thanthwelo kunali phompho.

A Telala, amene ankatitsogolera nyimbo, ndiwonso anali mwini malangizo a paulendo, ndipo ambiri ndimawatsatabe. Nsapato zatsopano ankati zitsale kunyumba. Juzi ikhale pamwamba m'chikwama, chifukwa kuzizira kwa kuphiri sikuchita odi. Mankhwala asakwere padenga la basi. Nkhungu ikakupeza, ima pomwepo uziyimba kuti okufuna akumve. Koma lamulo lalikulu linali la wotseka mzere. Munthu mmodzi ankayenda pambuyo pa onse, ndipo gulu silinkachoka pamalo iyeyo asananene kuti takwana.

Wotseka mzere anali mnyamata wa besi, wamtali, wosayankhulayankhula. Ine ndinali wa miyendo yaifupi, wokonda kuima n'kumayang'ana maluwa. Ndiye mwadziwa kale mmene banja langa linayambira. A Telala ankati, "Awiriwa tiwadalitse msanga, apo ayi tizifika kumathithi madzi ataphwa."

Zaka zinapita, anzathu anayamba kutsogola mmodzimmodzi. A Telala, amene sankayambitsa nyimbo asanakhosomole. A Namwino, amene chaka chonse ankanunkhira mafuta opaka pachifuwa. Enanso onse tinawaperekeza, mpaka pagulu lija tinatsala awiri. Kenako bambo a kunyumba anayamba kuiwala. Poyamba makiyi, kenako njira ya kutchalitchi, kenako ine. Ankandilemekeza ngati mlendo. Ndikawapatsa tiyi ankati, "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni. Kwanu n'kuti?" Ndinkakalirira kukhitchini. Pemphero langa linafupika, linangotsala lakuti: Ambuye, andidziwe kamodzi kokha asanapite.

N'chifukwa chake ndinafuna kubwerera nawo kuphiri. Mwana wanga anakana.

"Amayi, adadi amasochera pakati pa chipinda ndi bafa. Inu mukuti phiri?"

"Masiku ano galimoto imafika pakhomo penipeni."

"Nanga akakagwa?"

"Iwe ukakhala uli kuti?"

Anagonja. Loweruka lake anatitenga pagalimoto yake.

A Mlonda anali ena, denga linali latsopano, koma khonde linali lomwe lija. Ndinawakhazika bambo pabenchi, n'kuwaloza kuchigwa. Anayang'ana mwaulemu, ngati akuonetsedwa munda wa eni ake. Sanakumbuke kanthu. Usiku umenewo ndinauza Mulungu kuti ndamva, kufuna kwake kuchitike.

Mawa lake dzuwa litapendeka, kamphepo kozizira kanayamba. Ndinalowa kukatenga juzi, ndikuyesa kuti mwana ali nawo. Iye anali atapita kugalimoto kukatenga mankhwala, akuyesa kuti ine ndili nawo. Potuluka tinapeza pabenchi pali chipewa chokha.

Nkhungu inali itafika kale pamasitepe. Chigwa kunalibe. Mitengo kunalibe.

A Mlonda anabwera ndi tochi, koma kuwala kwake kunkangothera m'manja mwawo. "Gwiranani," anatero. "Osathamanga. Pathanthwe paja pagwapo anthu oona bwinobwino."

Tinalowa m'kanjira. Mwana ankaitana, "Adadi," mawu ake n'kumabwerera ngati waitanira m'bulangete. Mbalame zinali zitaleka kulira. Madzi ankadontha m'masamba. Mkokomo wa mathithi unkamveka kutsogolo, kenako kumbuyo, kenako paliponse. Titayenda ndithu, a Mlonda anaima n'kuwerama, kupapasa pansi.

"Njira yanditayika," ananong'ona. "Ndakulira kuno, koma yanditayika."

Pamenepo ndinamva fungo. Mafuta opaka pachifuwa. Linadutsa pafupi, ngati munthu wandipitirira paphewa.

"Amayi, mwadzola chiyani?"

"Sindinadzole."

Chakumanzere kwathu wina anakhosomola. Kukhosomola kouma, kwakufupi. Kenako anang'ung'udza kupereka poyambira.

Nyimbo inayamba. Inali ija tinkatsekera nayo tsiku, yopempha Mbusa kuti atisunge kufikira kuche. Mawu ambiri, a amuna ndi akazi, ndipo sanali a nkhalamba. Anali mawu athu a kale, osanjenjemera. Pansi pa onsewo panali besi imodzi yokalamba, yosasa. Imeneyo ndinkagona nayo nyumba imodzi.

Mwana anandifinya dzanja, n'kufunsa:

"A Mlonda, kuli alendo ena?"

"Sabata ino ndinu nokha."

M'nyimbomo muli malo amene onse amakhala chete, wa mawu achiwiri n'kuyankha yekha. Malo amenewo anali anga. Itafika pamenepo, nyimbo inaima.

Chete.

Madzi okha, tho, tho, m'masamba.

Ankandidikira.

Ndinati mumtima, Yesu, ngati izi si zanu, nditsekeni pakamwa. Ndinatsegula pakamwa, mawu anatuluka. Nditangomaliza, onse analowanso, koma tsopano chapatsogolo pang'ono. Tinawatsatira. Ndime iliyonse ankaima, ine n'kuyankha, iwo n'kusuntha. A Mlonda anazimitsa tochi. Ndinamva akupemphera chapansipansi m'mapempheredwe a mpingo wawo.

Pansi panasintha. Dothi linatha, tinaponda mwala wonyowa. Nyimbo inaduka pakati pa liwu.

Nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo tinawaona bambo. Anaima kumapeto kwenikweni kwa thanthwe, zidendene zili m'mphepete, msana kuphompho, nkhope kunjira. Manja anali kumbuyo, mmene ankaimira kale akamadikira otsalira. Panalibe wina aliyense.

Mwana anafuna kuthamanga, a Mlonda anamugwira. Ndinapita ndekha, pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali munthu.

"Nachedwa," anatero. "Maluwa omwewo mpaka lero?"

Dzina limenelo sanandiitanepo nalo pamaso pa ana. Ndinawagwira mkono n'kuwakokera kwa ine.

"Bambo, mumatani kuno?"

"A Telala amati tiwoloke. Ndawauza kuti sitinakwane."

"Ndiye anati bwanji?"

"Adandaula, si umawadziwa. Akuti mpaka liti awiri inu." Anaseka pang'ono, n'kuyang'ana kuseri kwanga. "Iwe mwana, amayi ako wawayendetsa kuno opanda juzi?"

Mwana wanga, mayi wa ana ake, analira ngati wa kumkaka.

Pobwerera njira inali poyera, a Mlonda akungopukusa mutu. Madzulo amenewo ine ndi bambo tinakhala pakhonde titafunda bulangete limodzi. Anakumbuka zonse. Anakumbuka nyumba yathu yoyamba yodontha, ndi tsiku limene ndinapsereza malaya awo a ukwati ndi simbi. Anandifunsa ngati akhala akundivutitsa. Ndinati ayi. Anati, "Ukunama, koma Mulungu akukhululukira." Tinapemphera limodzi, iwo akutsogolera. Ndinapempha kamphindi, ndinapatsidwa madzulo athunthu.

Amene ankayimba aja sindikuwadziwa. Abusa nditawafotokozera anati pali zina zimene tidzazimvetsa tikadzafika. Mwana wanga safuna kuzikamba, koma sakana. A Mlonda akuti nkhungu ikagwa salowanso m'kanjira kaja, ngakhale sanamvenso kanthu.

M'mawa mwake ndinawapeza bambo atakhala pabenchi, dzuwa likuwawomba kumaso. Ndinawapatsa tiyi. Analandira ndi manja awiri.

"Zikomo mayi. Mwabwera nokha kuno?"

"Ayi, ndabwera ndi amuna anga."

"Ndi munthu wabwino?"

"Wabwino kwambiri."

Anagwedeza mutu, n'kupemerera tiyi uja.

"Mukhale nawo pafupi," anatero. "Kuno si koyenda munthu yekha."