Yankho Lochedwa pa Chulu cha Kumanda

Dainess ananyamuka pa Jenda mdima utagwa kale, miyendo italefuka. Tsiku lonse analithera pakhonde la sitolo, akuimbira mwamuna wake Ishmael pa intaneti. Bamboyo analowera ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo m'mawa mwake mlongo wake wa Dainess ankabwera kudzamutenga kuti abwerere kwa makolo. Mayiyu ankangofuna kumva chinthu chimodzi: Ishmael abwera kapena sabwera?

Tsoka ilo, linali tsiku la msika. Ku Mzimba aliyense ali ndi wake ku Joni, ndipo onsewo ankalimbirana netiweki imodzi yomweyo. Mawu a Ishmael ankafika odukaduka, ngati a munthu wolankhulira m'madzi. Ankachedwanso panjira. Dainess akafunsa, uko n'kuti akuyankha zakale, kenaka onse awiri zii, kenaka onse awiri pamodzi. Zinamutopetsa mpaka analibe ndi mphamvu zolirira.

Njira yakwawo inkadutsa pamanda, ndipo pambali pake panali chulu chachitali. Mwezi unali utangotuluka. Pamwamba pa chulupo panaima chinthu...

Munthu! Ali njoo, foni ili kukhutu.

"Amama, kwerani kuno," anatero mwamunayo osacheuka. "Pansipo mitengo ikutchinga. Zimitsani vidiyo, imalemera chomene. Mufunse kamodzi, mbwenu mukhale chete. Mawu akuchokera kutali."

Thupi lonse linachita tsemwe. Koma kutopa kunaposa mantha, ndipo anakwera. Pafupi ndi munthuyo pankazizira ngati m'dambo mwezi wa Juni.

"Inu mukuimbira ndani?"

"Perpetua, mkazi wanga. Ndamufunsa ngati abwereko. Yankho lili m'njira."

Dainess anasuzumira foni ija. Galasi losweka. Yakuda bii, ngati yopsa. Sinkayaka n'komwe...

Dainess anaimba yake. Inalowa! Koyamba tsiku lonselo, mawu a Ishmael anamveka bwinobwino.

"Mubwera?"

Anakhala chete monga anauzidwira. Anamva mwamuna wake akupuma. Anamva wailesi. Anamva khanda likulira, ndi mawu a mkazi akulitonthoza. Palibe chinaduka, palibe chinachedwa. Ulendo uno sinali netiweki. Ishmael sanayankhe basi.

Atacheuka, pachulupo anali yekha.

Anatsika chothamanga, osayang'ananso m'mbuyo.

Kutacha, mlongo wake Wilfred anafika ndi njinga, ndipo Dainess anamufotokozera za munthu uja. Wilfred anaisiya njingayo n'kugwa.

"Wa Perpetua? Ameneyotu ndi Yoram! Mphenzi inamupha pachulu pomwepo mu 2018, akuimba foni. Ine ndemwe ndinanyamula nawo bokosi lake."

"Nanga Perpetua anabwera?"

"Ndi pamaliro pomwe sanaoneke."

Dainess anayang'ana foni yake kwa kanthawi. Kenaka anaizimitsa, nadzutsa njinga ija, n'kuyamba kumangirirapo katundu wake.