Nyumba ya Masofa Khumi

"Nanga amene akudutsa kumbuyo kwakowo ndani?" aphunzitsi anafunsa m'Chingerezi, mawu awo akumveka bwinobwino pa foni.

Nachete sanacheuke. Anawaona pagalasi la foni pomwepo: bambo ake, atasenza mpando pamutu, ovolosi itang'ambika pabondo, tsitsi lili mbuu ndi utuchi. Anzake asanu ndi awiri a m'kalasi ya pa intaneti, aliyense m'kabokosi kake, anali kudikira yankho.

Vutoli linayamba miyezi iwiri m'mbuyomo. Mayi ake atamwalira, iye ndi bambo ake anasamukira m'tauni, kumene bambowo anapeza ntchito ya ukalipentala pa shopu yaikulu yogulitsa mipando. Ankagona m'kachipinda kamodzi kuseri kwa malo opalira matabwa, katani wakale atagawa chipindacho pakati. Kusukulu yatsopano ana ankacheza m'Chingerezi ngakhale pa nthawi yopuma, ndipo tsiku limene iye anayesa kuponyapo mawu, anamuseka mpaka wina kugwa pa benchi. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa, dzina loti Nachete n'kumumatirira ngati chingamu. Ankadya yekha kuseri kwa laibulale, akuwerenga njerwa za mpanda.

Bambo ake ataona kuti mwana akufota, anamugulira foni yogwiritsidwapo kale n'kumulembetsa maphunziro a Chingerezi cha tsiku ndi tsiku, katatu pa mlungu, folo koloko masana. Intaneti sinkafika kukachipinda kwawo. Inkagwira m'shopu mokha, choncho mwini shopu anamulola kumakhala chakumapeto, kumene makasitomala sankafikafika.

Ndiye shopuyo inali shopu! Mungayende maiko, kukwera ndege, kugona m'mahotela a zitseko zotseguka zokha, koma masofa ngati aja simungawaone kawiri. Analipo khumi, lililonse ndi kapeti wake, katebulo kake ndi nyali yake, ngati pabalaza penipeni. Tsiku loyamba, Nachete atangoyatsa kamera, namwino wina wa m'kalasimo, wa kudziko lozizira, anafuula kuti, "Koma nyumba yako ndi yokongola!" Kunena kuti iyi si nyumba yathu koma shopu imene bambo anga amagwirako ntchito chinali chiganizo chachitali, ndipo Nachete sankachidziwa. Chimene ankadziwa chinali "zikomo". Ananena chomwecho.

Patapita milungu itatu chiganizo chachitalicho anali atachidziwa, koma madzi anali atatayika kale. Kalasi yonse inkamutcha Mfumukazi. Dalaivala wa takisi, wandevu zambiri, amene ankaphunzira ali m'galimoto mwake, sankayamba phunziro asanamuseleule.

"Mfumukazi, lero tili chipinda chiti? Mundilembe ntchito, ndizikuyendetsani, sindidya zambiri."

Onse ankaseka, iye naye n'kuseka. M'tauni yonseyo, anthu asanu ndi awiri a m'timabokosiwo ndi okhawo amene ankamuyembekeza kuti alankhule. Choncho phunziro lisanayambe ankasankha sofa, n'kubisa kapepala ka mtengo ndi chikwama chake cha kusukulu.

Tsopano apa bambo ake anali ataima ndi mpando pamutu, akumwetulira foni.

"Ndi wantchito wathu," Nachete anayankha m'Chingerezi.

Chiganizocho chinatuluka chowongoka ngati rula, popanda kupunthwa ngakhale pamodzi. Aphunzitsi anaomba m'manja, kuyamikira katchulidwe kake. Bambo ake, poona mzimayi wa pa foni akuomba m'manja, anatsitsa mpando n'kukweza manja onse awiri kupereka moni.

Madzulo, akudya, bambowo sankatha kukhala pansi ndi chimwemwe.

"Mayi wanga, lero ndakumva ndi makutu angawa. Ngati wailesi! Unawauza kuti ndine ndani?"

"Ndinangowauza za inu basi," anatero Nachete, maso ali m'mbale.

"Undiphunzitse. Loweruka kukubwera azungu a hotela kudzaona matebulo. Ndikufuna akandifunsa ndidzawayankhe ndekha, abwana adzagwe ndi mpando."

"Ndi mawu ovuta, ababa."

"Ovuta? Ine ndinapanga kabati ya zitseko sikisi ndi sowo imodzi yobuntha. Nenanso."

Nachete ananamizira mutu n'kukalowa kuseri kwa katani. Koma makutu a kalipentala si oseweretsa. Munthu amene amagogoda thabwa n'kudziwa kuti m'kati muli chiswe sangalephere kugwira mawu anayi. M'mawa mwake bambo ake anali akuwabwereza kale, mokhotakhota koma momveka, akupala thabwa, mawu aliwonse kugwa pamodzi ndi kukankha kwa puleni. Pofika masana anali atawasandutsa nyimbo.

Nachete pochokera kusukulu anapeza anti a pakaunta, mayi amene ankagulitsa mipando m'shopumo, atamuimirira pakhomo. Antiwo Chingerezi ankachidziwa.

"Iwe mwana, tabwera kuno. Ukuimva nyimbo ya bambo akoyo?"

"Ndikuimva, anti."

"Akuti wawaphunzitsa ndiwe. Andiimbira kawiri, akundifunsa ngati akutchula bwino. Ine ndangoti ndikuwerengera katundu." Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ine si amene ndiwauze. Wophika ndiwe, upakule wekha. Koma Loweruka lisafike, wamva? Munthu wamkulu asakadzitukwane yekha pamaso pa alendo, akumwetulira."

Nachete anazungulira shopu kawiri asanalowe kopalira matabwa. Bambo ake anali okha, pensulo ili kukhutu.

"Ababa, mawu aja musiye kuwanena."

"Ndikulakwitsa pati? Konza."

"Simukulakwitsa. Tanthauzo lake... akutanthauza kuti ndinu wantchito wathu. Anthu aja amaganiza kuti shopuyi ndi nyumba yathu. Ndinawauza kuti ndinu wantchito."

Puleni inaima pakati pa thabwa. Bambowo sanakalipe. Anachotsa pensulo kukhutu, kuiyang'ana, n'kuibwezera pomwepo.

"Oho," anatero. "Ndiye n'chifukwa chake anaomba m'manja."

Anapitiriza kupala, koma nyimbo inali itatha.

Masiku otsatira kachipinda kaja kanakula ngati holo. Bambo ake ankamuikira chakudya, kumufunsa ngati yunifolomu yauma, basi. "Mayi wanga" sanamvekenso. Ikakwana folo koloko, katundu yense wopita m'shopu ankamuzungulitsa panja, kudzera kumsewu, kuti asadutse kumbuyo kwa foni. Loweruka azungu a hotela anabwera, bambowo n'kuima pakona manja ali kumbuyo, abwana akuwalankhulira. Nachete anakhala pa sofa lofewa kuposa onse Lolemba, dalaivala akumutcha Mfumukazi, koma kuseka kunakana kutuluka. Kusukulu analibe womulankhula, ndipo tsopano kunyumba nakonso anali atazimitsa yekha.

Lachitatu phunziro linali lofotokoza njira: kumanzere, kumanja, kutsogolo. Itafika nthawi yake, Nachete anaimirira ndi foni m'manja.

"Ndikupita kutsogolo," anatero m'Chingerezi. Anachotsa chikwama pa sofa, kapepala ka mtengo n'kulendewera poyera. "Iyi ndi shopu. Si nyumba yathu. Tsopano ndikukhotera kumanzere."

Anti a pakaunta anasiya kulemba. Nachete anakankha chitseko cha kumbuyo. Phokoso la makina linalowa m'foni, chithunzi n'kuyamba kudukaduka chifukwa intaneti inkathera pakhomo pomwepo. Anaima pamenepo, phazi limodzi m'shopu, lina pa utuchi, n'kulozetsa kamera kwa munthu amene anali atawerama pa benchi. Ziganizo zake sizinali zowongoka ngati tsiku lija. Anapunthwa, kubwerera, kusowa mawu mpaka aphunzitsi kumuthandiza. Palibe anaomba m'manja. Kenako dalaivala wandevu anatsokomola n'kufunsa ngati bambowo angathe kukonza tebulo logwedera, poti lake analichirikiza ndi buku la Chingerezi.

Bambo ake anazimitsa makina. Sanakweze manja ulendo uno. Anapukuta zala pa ovolosi, kuyang'ana foni, kenako mwana wawo.

"Lero wawauza chiyani?"

"Ndati awa ndi bambo anga," Nachete anayankha. "Ndati timagona kuseriku, chipinda chimodzi. Ndati ndinanama. Ndati mipando yonse imene akhala akuisirira ija munapanga ndinu."

Bambowo anasisita m'mphepete mwa thabwa ndi chala chachikulu.

"Yonse?"

"Yonse, ababa."

"Ayi. Sofa lobiriwira la pafupi ndi windo lija si langa. Linachokera kufakitale, miyendo yake ndi yokhota ngati ya bakha. Auze msanga, mayi wanga, asanazimitse. Usandinamizire kawiri."

Nachete anapukuta maso ndi mkono wa yunifolomu, n'kutembenukira ku foni.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi bakha m'Chingerezi mumati chiyani?"