Mankhwala a pa Bedi la Pakona

Kunyumba ina yosungira okalamba ku Machinjiri kunali chizolowezi cha ulesi. Mankhwala ankawaika m'zitsekerero za mabotolo, chilichonse pa zenera la bedi lake. Sankayang'ana dzina la munthu, ankayang'ana bedi. Wogwira masana ankaika, wa usiku n'kumangomwetsa.

Tsiku lina madzulo magetsi anazima Phoebe atangolowa ntchito. Anayenda ndi tochi ya foni, bedi ndi bedi, kumwetsa aliyense. Pa bedi la pakona panagona a Donald, omwe anabwera dzulo lake ndi vuto la miyendo basi. Anthu akuluakulu aulemu ngati iwo safunsa zambiri. Anameza, nathokoza, n'kufunda bulangete.

Phoebe atangokhala pansi, kunamveka kugogoda pa chitseko cha kuseri. Galu wa mlonda sanauwe.

"Ndani?"

"Odi, mwanangu. Ndadzera mankhwala anga a shuga."

Mwini mawuwo ankamudziwa bwino: a Albert, omwe ankagona pa bedi la pakona lija. Koma a Albert anaikidwa m'manda Loweruka lapitalo, ndipo Phoebe anaimba nawo pamaliropo.

Sanatsegule. Pansi pa chitseko panalowa fungo la mafuta omwe mkuluyo ankapaka m'mawondo.

"Mankhwala atha, agogo," anatero Phoebe. "Ndamwetsa onse."

"Onse? Nanga anga wamwa ndani?"

Apo mantha a mzukwa anatha, n'kubwera ena oposa. Wa masana uja anaika mankhwala mwa chizolowezi, osakumbuka kuti bedi lasintha mwini. Ndipo a Donald analibe matenda a shuga.

Phoebe anathamangira pakona. Anawapeza thukuta lili kamukamu, thupi lili zii, osayankha. Anawapaka shuga m'nkhama, kuwaitana, kuwapakanso, uku akukuwira mlonda kuti akasake galimoto. Kugogoda kuja sikunamvekenso.

Galimoto isanafike, a Donald anatsegula maso. Anayang'ana kumiyendo kwa bedi.

"Apita anzanga aja?"

"Anzanu ati, bambo?"

"Anakhala apa, kumanditsina kuti ndisagone. Akuti iwo anamwa mankhwala a wina, koma panalibe wowadzutsa."

Achibale a malemuwo anauzidwa kuti unali ukalamba chabe, ndipo Phoebe nayenso ankakhulupirira zomwezo. Koma usiku umene a Albert anamwalira, magetsi kunalibenso, ndipo womwetsa mankhwala anali iye yemweyo.