Kabokosi Kamene Hamad Anachonga

Zuhula anadziwana ndi Hamad chifukwa cha makina osindikizira amene anameza pepala lake. Anali masana a Lachiwiri, m'kashopu ka makompyuta pafupi ndi pokwerera mabasi a ku Kabwata, m'tauni ya Lusaka. Hamad, mnyamata wa m'shopuyo, anasolola pepala lokwinyikalo, naliwerenga osapempha, kenako anafunsa ngati mwini wake akufunadi kudzakhala muulutsi pa wailesi.

"Mawu muli nawo kale, ba sisita. Manje digili ni ya chani?"

Zuhula anam'yang'ana cham'mbali, koma kumwetulira kunam'pulumuka. Anyamata a m'tauni, pakamwa ngati anapakapo uchi!

Kuyambira tsikulo, mapepala ofunika kusindikiza anangochuluka mwadzidzidzi. Ena anali osafunika n'komwe, koma ndani akanafunsa? Hamad ankamutcha "Wailesi wanga" chifukwa mtsikanayo akayamba kulankhula sankapumira, ndipo iye ankabwezera ndi "ba Pulinta". Anapezanso kuti makolo a onse awiri anachokera ku Mangochi, ndi kuti Lachisanu bambo a Zuhula, a Abdul Hamid atelala, ankapemphera mzikiti umodzi ndi amalume a Hamad. Mtima wa Zuhula unakhala pansi.

Mayunivesite amene ankawafuna anali awiri. Ina inali ku Nairobi, kumene ophunzira za utolankhani ndi zoulutsa mawu amayendetsa okha wailesi yawo. Inayo inali mu Lusaka momwemo, basi imodzi kuchokera pakhomo. Fomu ya ku Nairobi analemba yekha. Ya ku Lusaka inapezana ndi sabata ya Idi, pamene shopu ya bambo ake inali itadzaza ndi mikanjo yofuna mabatani, choncho anangosiyira Hamad envulopu ya mapepala kuti am'lembere.

Mayunivesite onse awiri anamutenga. Zuhula anakhala masiku atanyamula makalata awiri m'chikwama, kuwatulutsa ndi kuwabwezamo. Ku Nairobi kunali situdiyo imene ankailota ali maso. Ku Lusaka kunali Hamad. Bambo ake, atafunsidwa maganizo, anangoti wovala nsapato ndiye amadziwa pamene ikumuluma, napitiriza kupalasa makina.

Potsiriza anatumiza uthenga pa foni: "Nasankha kuno. Ku Nairobi kulibe iwe."

Yankho linabwera asanaike foni pansi: "Wailesi wanga, sinizakusiya olo siku imozi."

Tsiku lolembetsa anavala mpango wake wobiriwira, nanyamuka akuimba chamumtima. Mayi wa mu ofesi anapempha chitupa cha unzika. Zuhula anapereka pasipoti yake ya Malawi. Mayiyo anayang'ana pasipoti, anayang'ana fomu, kenako anatembenuza kompyuta kuti mtsikanayo adzionere yekha. Pa funso la unzika, kabokosi kochongedwa kanali ka Zambia.

Nkhani yake inali yotere. Zuhula anabadwira ku Lusaka, Chinyanja chake n'cha ku Kabwata chenicheni, koma a Abdul Hamid akhala zaka makumi atatu akunena kuti "tidzabwerera kwathu", moti sanasinthe mapepala a banja lawo. Banja la Hamad linatenga unzika wa Zambia kalekale. Mnyamatayo anaona ngati ndi momwe zilili kwa aliyense, ndipo pasipoti ya mu envulopu sanaitsegule n'komwe. Mayi uja ananena mwachifundo kuti malo a ophunzira ochokera kunja anadzaza kale, ayesenso chaka chamawa.

Wochokera kunja! Mumzinda umene anaphunziriramo kuyenda?

Anapita molunjika kushopu ya makompyuta ija, misozi ili m'maso. Hamad anagwira mutu, nayamba kupepesa.

"Nenze kuziba chabe kuti ndiwe wa ku Kabwata."

"Unanifunsa? Miyezi yonse iyi unitana maina yabwino, koma sunanifunseko kuti ndine ndani."

Anatuluka osatembenuka. Mauthenga a Hamad anasefukira, ena aatali ngati ulaliki, koma kwa milungu iwiri sanayankhe ngakhale umodzi. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa anali atataya loto lake dala kuti akhale pafupi ndi munthu ameneyu.

Bambo ake ndiwo anam'tsegula maso. Tsiku lina, ulusi uli kukamwa, anati fomu analakwitsadi ndi mnyamatayo, koma pasipoti anaiumirira ndi iwo. Kenako anam'funsa chifukwa chimene kalata ya ku Nairobi inali isanachoke m'chikwama mwake, chikhalirecho anati wasankha Lusaka. Zuhula anatulutsa kalatayo m'chikwama, naiwerenganso. Zoona zake n'zakuti pansi pa mkwiyo wonsewo panali kachimwemwe kamene ankachita nako manyazi. Nthawi yovomera ku Nairobi inali isanathe, ndipo anavomera tsiku lomwelo.

Kutatsala sabata kuti anyamuke, panafunika kusindikiza tikiti ndi kalata ya chilolezo chophunzirira kunja. Mashopu otere m'tauni ndi mbwee, koma miyendo ili ndi nzeru zake. Hamad, ataonda pang'ono, anasindikiza zonse. Popereka, pamwamba panali pepala lina limene Zuhula sanaitanitse.

Inali fomu yopanga yekha. Pa dzina panalibe kanthu. Pa unzika panalibenso kanthu. Pansi pake panali funso limodzi: "Kodi ndingatume amalume kwa bambo ako usananyamuke, ndipo ndikudikire zaka zinayi?" Timabokosi tiwiri, inde ndi ayi, tinali tosachongedwa.

"Apa manje nafunsa," anatero Hamad, maso ali pansi.

Zuhula anabwereka cholembera. Analemba dzina lake pang'onopang'ono, kuti mnyamatayo alawe kudikira. Pa unzika analemba MALAWI ndi zilembo zikuluzikulu, nadula mzere kunsi kwake kawiri. Kenako anachonga kabokosi kamodzi, napinda pepalalo, nalisiya pa makina aja amene anayambitsa zonsezi.

Lachisanu, atatuluka mu mzikiti, amalume a Hamad anafika pashopu ya telala atavala mkanjo woyera. A Abdul Hamid anawaona akubwera patali, nachotsa phazi pa makina, nauza Zuhula kuti atereke tiyi.