Nkhope ya Nsungwi

Pakhomo pa atelala ena panali pamtendere. Bambo ankasoka pakhonde, mayi ankasita ndi kupinda zosokedwazo, ndipo palibe ankayamba kudya asanapemphere. Ana anali awiri, atsikana okhaokha. Wamkulu bambo ake anamupatsa dzina loti Kalilole, chifukwa sankadutsa pagalasi, ngakhale la galimoto ya eni, osadziyang'ana. Wamng'onoyo, wamtali ndi wamanyazi, ankamutcha Nsungwi.

Tsiku lina Kalilole anamva kuti kampani ina ikufuna atsikana otsatsa zovala. Inkafuna zithunzi zosakonza: nkhope yosapaka kanthu, tsitsi lomangira kumbuyo, malaya oyera opanda maluwa, munthu ataima pakhoma lopanda kanthu. China chakutsogolo, china cham'mbali, china cha thupi lonse.

Anachotsa kalendala pabalaza, nakankha mipando, natsegula makatani.

"Nsungwi, taima apa kaye ndione ngati kuwala kuli bwino."

Nsungwi anaima, manja ali lende, ulusi wa bambo ake utamatirira paphewa. Kalilole anamujambula kamodzi, kenaka anamupatsa foniyo kuti azimujambula iye. Potumiza anangosankha zonse, cha Nsungwi chomwe.

Yankho linabwera onse ali pakhonde, foni ikumveka mokweza.

"Tikufuna mtsikana wamtali uja," anatero mayi wa kukampaniyo. "Abwere sabata yamawa tidzamuone maso ndi maso."

Mayi awo anaimba nthungululu. Bambo anaimitsa makina nati, "Nsungwi yanga yaphuka! Ndiye ndiyambe kukusokera zitseko zazitali." Onse anaseka. Kalilole anaonetsa mano chabe.

Atatsala awiri kukhitchini, mayi anamugwira mkono.

"Ndakuona, mwananga. Nkhope yagwa. Chako chidzabwera, usachithamangire. Nsanje imayamba ngati kamoto ka ndudu, koma imamaliza nyumba."

"Ine ndilibe nsanje, amayi."

M'mawa mwake Kalilole anapita kusaluni kwa mnzake amene ankamanga tsitsi.

"Iwe ndiwe wogona," anatero mnzakeyo. "Ntchito wagwira ndiwe, kamwana kaja kakudyere masuku pamutu? Tenga awa, ndi mankhwala owongolera tsitsi. Usakanize pang'ono m'mafuta ake odzola. Atuluka tiziphuphu, sabata imodzi basi. Iwe upite m'malo mwake."

"Sizimupweteka?"

"Zimupweteka chiyani? Anthu amapaka m'mutu tsiku ndi tsiku."

Kalilole anasakaniza. Anati pang'ono, koma dzanja silinaime msanga.

Nsungwi atachoka kosamba anadzola monga mwa masiku onse. Pasanapite nthawi anatembenuka akuphethira.

"Achemwali, mafutawa akundiyabwa."

Kalilole anali akupesa tsitsi. Sanatembenuke.

"Ndiye kuti akugwira ntchito. Usasambe."

Nsungwi anamvera, poti anali mwana womvera. Pamene ankakuwa n'kuti khungu la m'masaya litayamba kusupuka. Bambo anamunyamula kumsana, miyendo ikukhukhuluzika pansi, mpaka kumsewu.

Kuchipatala nesi ananunkhiza botolo la mafuta odzola aja nagwedeza mutu. "Awa si mafuta okha. Anawagula kuti?" Mayi anati sakudziwa. Dokotala anati mabala adzapola koma zipsera zidzatsala, ndipo diso lamanzere silidzaonanso bwino.

Kalilole ankadikira kuti mtima umupweteke. Sunamupweteke. Ankapita ndi chakudya kuchipatala, ankachapa nsalu za mng'ono wake, ankayankha "ali bwinoko" kwa aliyense womufunsa. Zonse ankachita ngati munthu amene wagonera dzanja mpaka lachita dzanzi. Tsiku loitanidwa lija litakwana anavala malaya oyera napita kukampani kuja. Mayi wa pa desiki anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tinaitana wamtali uja."

"Wadwala."

"Pepani. Akachira atiuze."

Anabwerera wapansi. Podutsa pasaluni, mnzake uja anamuona nalowa m'kati, natseka chitseko.

Nsungwi anatuluka m'chipatala mabandeji atachotsedwa. Masaya anali mawangamawanga, kwina kofiira, kwina kotuwa. Bambo anasiya nthabwala. Makina ankalira pakhonde tsiku lonse popanda woyankhula.

Madzulo ena Kalilole ankamupaka mankhwala m'chipinda mwawo, chitseko chili chotsegula. Nsungwi anayankhula motsitsa, akuyang'ana pansi.

"Achemwali, munati ndisasambe."

Dzanja la Kalilole linaima.

"Sindinauze munthu," anapitiriza Nsungwi. "Koma ine sindinkafuna n'komwe kupitako. Ndimaopa anthu, mukudziwa. Mukanangondiuza, ndikanakusiyirani."

Pakhomo panali pataima mayi, zovala zosita zili m'manja. Anamva zonse. Sanakuwe, sanamenye munthu. Anaika zovalazo pabedi bwinobwino, nakhala pansi, pasimenti penipeni, ngati kwagwa maliro.

Kalilole anagwada. Anafuna kulira koma misozi sinabwere. Anangoti, "Ndine," kenaka "Ndikhululukireni," mawu ouma ngati a munthu wina.

Anamukhululukira, poti anali anthu oopa Mulungu. Koma khungu la Nsungwi silinabwerere, ndipo mpaka lero akafuna kulowetsa ulusi pasingano amapatsa wina.

Inu achinyamata, tcherani khutu. Mwayi ukagwera m'bale wanu, musapikisane naye mumtima. Nsanje imakuuzani kuti ndi pang'ono chabe, ndi sabata imodzi basi. Imanama. Tchimo limakhululukidwa, koma chimene mwawononga pa mnzanu amakhala nacho moyo wake wonse.