Ayezi pa phazi lamanzere

Ine ndine dalaivala wa basi mumzinda wa Ruse, zaka makumi awiri pampando, ndiye msana unatheratu. Atandichita opaleshoni, adokotala anandibaya jakisoni pafupi ndi mitsempha ya m'chiuno kuti bala lichite dzanzi mpaka m'mawa. Ananenanso zinazake za miyendo, koma ndi tulo ta mankhwala tija sindinatolepo kanthu.

Madzulo mkazi wanga Nevena anandimwetsa supu n'kubwerera kunyumba. Mkulu wa bedi loyandikana ndi langa, a Stoil, ankandiseka kuti ndagona ngati thumba la mbatata. Magetsi atazimitsidwa, dzanzi lija linatsikira kumwendo wamanzere. Ine kupusa kwanga ndinakondwa, ndikuti mankhwala ndi amenewa, afika mpaka kuphazi. Belu loitanira nesi sindinaligwire.

Kenako ndinamva madzi akudontha. Kumapazi kwanga kunali kutaima mayi wamfupi wovala zoyera, mbale yachitsulo m'manja. Chitseko sindinachimve kutseguka. Anandiika ayezi kuphazi lamanja, ndinadzidzimuka. Anaika kumanzere.

"Mukumva kuzizira, bambo?"

"Ayi mayi, mankhwala akugwira bwino."

"Jakisoni uja safika kuno. Lizani belu ngati mukufuna kudzayendetsanso basi yanu."

Za basi sindinamuuze. Ndinachita mantha, ndinaliza. Amene analowa anali nesi Radka, wamtali, akuyasamula. Mayi uja panalibe. Radka ananditsina chala chakuphazi, ine osamva, iye anatuluka chothamanga. Usiku womwewo anandibwezera ku opaleshoni. Magazi anali ataundana pabala n'kupanikiza mtsempha, ndipo adokotala anati ndikanadikira mpaka m'mawa, mwendo ukanafa.

Nditatsitsimuka ndinapempha kuti ndimuthokoze mayi wa ayezi. Radka anati usikuwo anali yekha, ndipo iwo amayesa dzanzi ndi thonje la sipiriti, ayezi anasiya kalekale. A Stoil analumbira kuti sanagone, anangondimva ndikuyankhula ndekha. Komabe wokolopa anadandaula za madzi amene anawapeza kumapazi kwa bedi langa. Mutu wanga unangobalalika.

Tsiku lotuluka, Radka anandikokera pambali.

"Mayiyo ankakoka mwendo wamanzere?"

Ndinati sindinamuone akuyenda. Anachita chizindikiro cha mtanda n'kubwerera ku ntchito yake.

Basi ndikuyendetsabe. Koma paphazi pamene anaika ayezi paja, kuzizira kumene sindinakumve usiku uja ndimakumva mpaka lero, ngakhale nditavala masokosi awiri.