Kamtengo Kachilendo ka Filomena

Filomena ankakhala m'munsi mwa phiri la Dedza. Anali mwana wamng'ono, koma wakhama. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti kamtengo ka atate ake kabereke.

Kamtengoko kanali kachilendo. Masiku amenewo ansembe anali atangofika kumene kumapiri kuno. Iwo ndiwo anabwera ndi mitengo ya mapichesi. Atate a Filomena anapatsidwa kamtengo kamodzi. Anakadzala kuseri kwa nyumba. M'mudzi monse munalibe amene anaonapo pichesi.

Tsiku lina atate anamanga ulendo. Ankapita kutali kukagwira ntchito yonyamula katundu.

"Filomena, kamtengo aka ndakusiyira iwe," anatero atate. "Uzikathirira. Mbuzi zisakadye."

"Ndamva, atate," anayankha Filomena.

Kalisto, mlongo wake, anali pomwepo. Nsanje inamugwira. Bwanji atate sanasiyire iye?

Filomena ankathirira m'mawa. Ankathirira madzulo. Mbuzi ikayandikira, ankaithamangitsa.

Kenaka kunabwera chisanu. Chisanu cha ku Dedza si chamasewera ayi. Chimalowa mpaka m'mafupa. Masamba a kamtengo anasanduka achikasu. Tsamba linagwa. Lina linagwa. Linanso linagwa. Kamtengo kanatsala ngati ndodo.

Amalume ake a Filomena, a Gerevazio, anabwera kudzaona.

"Kauma aka," anatero amalume. "Wakaumitsa ndani?"

"Ndi Filomena," anatero Kalisto. "Sathirira. Amangosewera masanje."

Linali bodza lamkunkhuniza!

"Amalume, ine ndimathirira," anatero Filomena.

"Ukanamathirira, masamba akanagwa?" anafunsa amalume. "Ndikazula. Pano ndidzalapo fodya."

"Achimwene, kasiyeni kaye," anatero amayi. "Eni ake kulibe."

"Chabwino," anatero amalume. "Koma tikayamba kusosa minda, ndibwera ndi khasu."

Ana a m'mudzi anamva nkhaniyi. Anayamba kumuseka. "Filomena, mlimi wa ndodo! Filomena, mlimi wa ndodo!"

Filomena analira. Zinamuwawa kwambiri.

"Amayi, kodi Mulungu ankandiona ndikuthirira?"

"Ankakuona, mwanangu."

"Nanga bwanji akungokhala chete?"

Amayi anamupukuta misozi. "Mulungu sagona. Ali ndi nthawi yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Filomena sanasiye. Ankathirira m'mawa. Ankathirira madzulo. Akathirira, ankagwada.

"Ambuye, kodi ndi lero?" ankafunsa.

Kamtengo kanali zii.

Mwezi unatha. Wina unakhala.

"Ambuye, kodi ndi lero?"

Kamtengo kanali zii.

Chisanu chinayamba kuchepa. Panthambi panatuluka timatuza ting'onoting'ono.

"Taonani!" anaseka Kalisto. "Tsopano kagwidwa nthomba!"

Anthu anayamba kunola makasu.

"Mawa tiyamba kusosa," anatero amalume.

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu. Phiri silinkaoneka. Filomena anasenza kamtsuko kake. Amalume anali kutsogolo, khasu lili paphewa. Amayi ndi Kalisto anali pambuyo. Onse anazungulira kuseri kwa nyumba.

Dzuwa linaboola nkhungu. Amalume anaima.

Maluwa!

Timatuza tija tinali titamasula. Nthambi iyi inali ndi maluwa. Nthambi iyo inali ndi maluwa. Anali ofiirira, ofewa, a mame. Panalibe tsamba ngakhale limodzi. Panali maluwa okhaokha. Njuchi zinali zitafika kale.

Onse anangoti kakasi. Ndodo yowuma ija inali itavala ngati mkwatibwi.

Filomena anatula kamtsuko. Anagwada.

"Ambuye, ndi lero," ananong'ona.

Amalume anatsitsa khasu pang'onopang'ono.

"Chibadwire changa sindinaone zotere," anatero. "Mtengo kuchita maluwa m'chisanu, wopanda masamba? Mulungu ndi wamkulu."

Kalisto anazolika. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Amalume, ndinanama," anatero. "Filomena ankathirira tsiku lililonse."

Amalume anayang'ana Filomena. "Pepa, mwana wa mlongo wanga. Ndinakuweruza msanga."

Khasu lija linagwirabe ntchito tsiku limenelo. Amalume anakumba nalo maenje. Kalisto anatuta mitengo. Anamanga mpanda kuzungulira kamtengo.

Maluwa anayoyoka. Masamba anaphuka. Tizipatso taubweya tinaoneka. Tinakula. Tinapsa.

Mvula yoyamba itagwa, atate anabwera. Anatula katundu wawo. Filomena anawagwira dzanja. Anawakokera kuseri kwa nyumba.

Atate anathyola pichesi loyamba. Analinunkhiza. Kenaka anapatsa Filomena.

Filomena analuma. Madzi otsekemera anayenderera pachibwano. Anapatsako Kalisto. Kalisto analuma, n'kumwetulira mwamanyazi.

"Sikanakuvutitse kamtengoka?" anafunsa atate.

"Kanagona tulo, atate," anayankha Filomena. "Ine ndinkangothirira. Nthawi itakwana, Mulungu anakadzutsa."